Namba ya nsapato inali yolondola, koma mwana anatuluka chilonda

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 7. Mwendo wake wakumanja unafooka atadwala malungo a muubongo ali wamng'ono, moti akamayenda phazi limagwa, zala n'kumakwekwereza pansi. Achipatala anamupangira chothandizira cha pulasitiki chooneka ngati chilembo cha L. Chimayambira m'munsi mwa bondo, kutsika kumbuyo kwa katumba, kupinda pa chidendene mpaka kunsi kwa zala. Iwo amachitcha AFO, ife kunyumba timangoti chipulasitiki.

Sukulu itatsala pang'ono kutsegulira ndinadzipereka kuti nsapato zakuda ndigula ndine. Ndinachita zimene tonse timachita: kuthyola kamtengo, kuyeza phazi, ulendo wa pa kaunjika. Ndinawonjezerako namba imodzi poganizira chipulasitikicho. Nsapato inalowa mochita kukankha, ine n'kuti ikula yokha. Patangotha masiku atatu, pa kakolo panatuluka chilonda, ndipo mnyamata anakhala pakhomo milungu iwiri chifukwa AFO sungaivale pamwamba pa bala. Ine, amene ndimakukalipirani mukaiwala kulemba unit, ndinali nditaiwala formula yophweka kwambiri: pressure ndi force kugawa ndi area.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana wa makilogalamu 25 ali ndi weight ya pafupifupi 250 N. Tiyerekeze kuti waima ndi phazi limodzi, ndipo malo okhudza pansi ndi 100 cm². Pressure ikhala 2.5 N pa cm² iliyonse, ndipo kunsi kwa phazi kuli khungu lochindikala ndi mafuta, kunazolowera kale. Tsono tiyerekeze kuti nsapato yothina ikukankha m'mphepete mwa pulasitiki ndi force ya 20 N yokha, koma yonseyo ikugwera pa kafupa ka kakolo, malo a 1 cm². Apa pressure ndi 20 N pa cm², kuwirikiza kasanu ndi katatu, pamalo pamene pali khungu lopyapyala ndi fupa basi. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timafinyika, khungu silimalandira mpweya wa oxygen, ndipo zikapitirira maola ambiri limayamba kufa. N'chifukwa chake achipatala amati mukavula AFO muziyang'ana khungu. Pofiira pakapanda kuzimiririka patatha mphindi 20 kapena 30, pali chimene chalakwika.

Mwina mukuti, ndiye bwanji osangogula nsapato yaikulu kwambiri? Vuto n'lakuti namba ya nsapato kwenikweni imakamba za kutalika. Pa namba za ku Britain, kuchoka pa namba ina kufika yotsatira ndi pafupifupi 8.5 mm, pamene pa namba za ku Ulaya, zija za 32, 33, 34, ndi pafupifupi 6.7 mm. M'lifupi nsapato imangowonjezeka pang'ono chabe. Chonsecho AFO sitalikitsa phazi kwenikweni, imalinenepetsa. Pulasitiki ya 3 mm mbali iyi, 3 mm mbali iyo, 3 mm ina kunsi, kuphatikizanso malamba pamwamba. Mukakwera namba zitatu za ku Ulaya kuti mupeze malo amenewo, kutsogolo kwa zala kumatsala mphako ya 2 cm. Munthu akamayenda, zala zimadutsa pamwamba pa nthaka ndi sentimita imodzi kapena ziwiri zokha. Mwana amene akuvutika kale kunyamula phazi mukamuwonjezera mphuno yaitali choncho, apunthwa pa kamwala kalikonse.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri, ndipo ndinachimva koyamba kwa katswiri amene anapanga AFO ija titabwererako ndi chilonda, ndi nkhani ya chidendene cha nsapato. Iwe ndi ine tikavala nsapato yokwera kumbuyo, kakolo amapinda pang'ono ndipo mwendo umakhalabe chilili. AFO ya mnyamatayu ndi youma, inagwira kakolo pa ngodya ya pafupifupi 90° ndipo silola kupinda. Ndiye chidendene chikakwera, mwendo wonse umapendekera kutsogolo, monga mmene L wa waya angachitire mutaika kamwala pansi pa ngodya yake.

Apa similar triangles za ku masamu zikugwira ntchito. Tinene kuti kuchokera pa chidendene kufika popindikira zala ndi 12 cm, ndipo chidendene cha nsapato chakwera ndi 1 cm kuposa kutsogolo. Phazi lapendekeka ndi 1 pa 12, pafupifupi 5°. Ngati kuchokera pa kakolo kufika pa bondo ndi 30 cm, bondo lasunthira kutsogolo ndi 30 kugawa ndi 12, yomwe ndi 2.5 cm. Sentimita imodzi pansi yabala ziwiri ndi theka pa bondo. Force yochokera ku nthaka tsopano ikudutsa kumbuyo kwa bondo, ndipo ikupanga moment yofuna kulipinda. Minofu ya pantchafu iyenera kulimbana nayo pa sitepe iliyonse, mwana n'kumafika kusukulu atatheratu. Nsapato ikakhalanso yafulati mopitirira, zimatembenuka, bondo limakankhidwira kumbuyo. Ndiye AFO iliyonse imapangidwa moganizira chidendene cha msinkhu winawake, ndipo amene angakuuzeni msinkhuwo ndi amene anaipanga, osati wogulitsa nsapato, osatinso amalume ophunzitsa physics.

Zoyenda ndi AFO yokha popanda nsapato iwalani. Pulasitiki yake, polypropylene, ili ndi friction yochepa, ndipo pa simenti yopaka polishi munthu amatsetsereka ngati waponda khoko la nthochi.

Ulendo wachiwiri ndinatenga mwana ndi chipulasitiki chake, kamtengo ndinakasiya. Tinapita masana, chifukwa phazi limafufuma pang'ono likayendayenda, ndipo anavala masokosi aatali a thonje omwe amavala masiku onse. Pa mulu uliwonse ndinkayamba ndazula kachiponji ka m'kati mwa nsapato, kamene kokha kamapereka mamilimita angapo akuya, kenako n'kulowetsa AFO yopanda phazi kuti ndione ngati yakhala pansi bwinobwino osagwedera. Ndinkafuna nsapato yamphuno yotambalala, yamalesi kapena zomata zofika kufupi ndi zala kuti izitseguka kukamwa konse. Zongopisa phazi zija ndinkangozidutsa.

Wogulitsa wina atandiona ndikuzula chiponji chachisanu anati, “Bwana, mukugula kapena mukuphwasula?” Nditamuonetsa mwendo wa mwana anakhala kaye chete, kenako analowa yekha m'thumba n'kutulutsa masiniika akuda otambalala, okulirapo ndi namba imodzi yokha. Kumanja tinachotsa chiponji. Kumanzere tinachisiya n'kuwonjezerapo chija tinachotsacho, kuti phazi lisamasambire m'nsapato komanso miyendo ifanane kutalika, popeza pulasitiki imakweza mwendo umodzi. Mnyamata anayenda kukafika pa benchi ya tomato n'kubwerera, n'kuti, “Amalume, iyi sikuluma.” Tisanaivale kusukulu tinakaionetsa kwa katswiri uja, ndipo anavomereza chidendene chake.

Phazi la mwana wa msinkhu umenewu limakula mofulumira, moti chaka chisanathe tidzakhalanso pa mulu womwewo, mwinanso ndi AFO yatsopano. Pakali pano tengani kope: nsapato ina imene ndinaikana tsiku limenelo inali ndi chidendene chokwera 2.5 cm. Pogwiritsa ntchito miyeso ili pamwambayi, bondo likanasunthira kutsogolo ndi masentimita angati? Unit musaiwale.