Mwini Mangochi Ndani?

Tsiku lina mnzanga wina anandiseka kuti ndine wobwera, pakuti atate anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya nsomba. Tsono anzanga, tiyeni tione amene anamanga tauni yathuyi.

Anyanja ankawedza kuno kuyambira kalekale. Pambuyo pake kunafika Ayao kuchokera ku Mozambique, ndipo Livingstone podutsa mu 1866 anapeza mudzi wa Mponda utakula kale ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga kutsidya kwa Mponda, asilikali ake ena ali ochokera ku India. Malowo anawatcha Fort Johnston, nakula chifukwa cha sitima za pamadzi. Ngakhale Guendolen anailumikizira konkuno. Amwenye anatsegula masitolo, Agiriki nayamba kukoka chambo ndi makoka aakulu, ndipo anyamata akutali anadza kudzalembedwa ntchito, ambiri osabwereranso kwao.

Njanji itafika ku Chipoka, katundu wambiri anayamba kutilambalala, koma nsomba zinasunga tauni. Pa kalembera wa 2018 anthu ake anapitirira 50,000. Lero achimwene athu ali ku Joni, kumene iwonso akutchedwa obwera.