NJALA IMAYAMBIRA M'CHIFU, IMAMVEKERA MU UBONGO

Mlimi wa ku Mitundu amene walaŵirira kumunda mbandakucha sasoŵa wotchi kuti adziŵe nthaŵi ya nsima. Dzuŵa likafika paliwombo, m'mimba mumayamba kulira. Kodi chimamuuza n'chiyani?

M'chaka cha 1999 akatswiri a ku Japan, Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa pamodzi ndi anzawo, anatulukira timadzi ta m'thupi totchedwa ghrelin. Timadziti timapangidwa makamaka m'chifu. Kuchokera m'menemo timaloŵa m'magazi ndi kukafika ku ubongo, kumene timadzutsa chilakolako cha chakudya. Timathandizanso kuti thupi litulutse timadzi tina tokulitsa.

Thupi silipanga ghrelin mwachisawawa. Timadziti timachuluka nthaŵi ya chakudya ikamayandikira, ndipo timatsata chizoloŵezi cha munthu: wozoloŵera kudya masana, njala imampweteka masana. Akadya, timachepa pasanathe ola limodzi. Kudzaza mimba ndi madzi sikutichepetsa kwenikweni ayi, pakuti chimene thupi limamvera ndi chakudya chimene chafika m'matumbo aang'ono. Nsima ndi mbatata zimatichepetsa msanga. Nyemba, nsomba ndi mazira zimatichepetsa kwa nthaŵi yaitali. Koma mafuta mphamvu yake pa timadziti ndi yochepa. Kusoŵa tulo nakonso kumatichulukitsa, choncho mlimi wa ku Nathenje amene wachezera kusankha fodya asadabwe akadzuka ndi njala yoopsa.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi ayenera kuchimvetsa bwino. Mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi ghrelin wambiri m'magazi, komabe akhoza kukana chakudya chifukwa matenda afooketsa chilakolako chake. Mawu akuti "sakudya chifukwa alibe njala" ataitsa ana ambiri. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba amuyesa mwana wotere ndi chiponde. Akadya bwino, ndipo ngati alibe vuto lina lalikulu, amalandira chithandizo akukhala kunyumba, akakana, amagonekedwa.

Ngakhale mwana wathanzi asadikiridwe kuti alire. Chifu chake n'chaching'ono, motero ayenera kudya pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, pa nthaŵi zokhazikika. Phala la chimanga chosakaniza ndi soya, limene linatenga dzina la Likuni, ndi loyenera mwana amene wakwanitsa miyezi 6, uku akuyamwabe. Pamene soya palibe, nsinjiro zikhoza kuloŵa m'malo mwake.