Teen Titans atambasula manja

Kwa zaka zoposa khumi, ogula ma DVD a katuni ya Teen Titans ankaonera chithunzi chodulidwa, ambiri osadziwa n'komwe. Katuniyi inayamba kuulutsidwa pa Cartoon Network mu 2003, ndipo pomatha mu 2006 inali itafika zigawo 65. Ojambula anaikonza motambasuka, pa muyeso wa 16:9. Koma masiku amenewo m'nyumba zambiri munali ma TV achimimba aja, a galasi la 4:3. Ndiye kuti chithunzi chikwane pagalasipo, anachidula kumanja ndi kumanzere, ndipo ma DVD a Warner anatuluka ali odulidwa momwemo.

Musapeputse kudulako. Mukachotsa 4:3 pakati pa 16:9, gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi limapita padera. Chinali ngati chitenje chopinda m'mbali monse: maluwa apakati mukuwaona, koma mkawo wonse wabisika. Robin, Starfire, Cyborg, Raven ndi Beast Boy akaima pamodzi, ankachita kupanikizana.

Zinthu zinatembenuka mu 2018, pamene Warner Archive inatulutsa chaka choyamba cha katuniyi pa Blu-ray, kenako mu 2019 zigawo zonse pamodzi ndi filimu ya Trouble in Tokyo. Ikani chimbalecho muone. Eee, mzinda wa Jump City unali waukulu chonchi? Nsanja yawo yooneka ngati chilembo cha T ija yakhala phee pachilumba chake, madzi ali mbwee mbali zonse. Nkhondo yolimbana ndi maloboti a mdani wawo Slade yapeza bwalo lokwanira, woponyedwa akuuluka mpaka kukagwa inu mukuona. Kuoneka bwino kwa chithunzi nakonso kwakwera, kuchoka pa mizere 480 ya DVD ya ku America kufika pa 1080, moti kubiriwira kwa Beast Boy kukuchita kuthwanima.

Ena anena kuti m'mbalimo mulibe kanthu. Zoona, ojambula ankadziwa za lumo lomwe likubwera, choncho zofunika zonse ankaziika pakati. Komabe munthu anakhala pansi n'kupenta makoma amenewo, mitambo imeneyo, ndipo ine ndikufuna kuiona yonse.

Chosangalatsa n'chakuti a Warner sanatengeke n'kuyamba kukakamiza katuni iliyonse kuti idzaze TV yamakono. Batman: The Animated Series, ya Bruce Timm ndi Eric Radomski, inayamba mu 1992 ndipo anaijambula pa 4:3. Itatuluka pa Blu-ray mu 2018 anaisiya momwemo, mipanda yakuda iwiri ili m'mbali. Akanati aitambasule, akanadula pamwamba ndi pansi, makutu osongoka a Batman n'kukhala pangozi. M'malo mwake anangoichapa. Fumbi ndi timadontho zomwe zinkayandama pa ma DVD akale zachepa kwambiri, ndipo mdima wa Gotham, womwe ankaupenta pa pepala lakuda, wabwerera uli bii.

Musanagule, tembenuzani bokosi muwerenge kumbuyo. Pa Teen Titans funani 1.78:1 (ndiye 16:9), pa Batman uja funani 1.33:1 (ndiye 4:3). Ndipo batani lokoka chithunzi kuti chidzaze galasi lija lisiyeni, lingakunenepetsereni Robin pachabe.