Operekeza alendo a ku Cape Town amadyera pakamwa

Mzinga wa pa Signal Hill ukaphulika 12 koloko masana, alendo amadzidzimuka, wina mpaka kugwetsa foni. Wowaperekeza sacheuka n'komwe. Amangoti mwambo umenewu unayamba mu 1806, kenako n'kukweza dzanja kuti gulu limutsatire kukwera mtunda wa ku Bo-Kaap, kumene nyumba zake n'zopaka utoto wowala ngati zitenje zapaukwati.

Ambiri amabwera kudzajambulitsa panyumbazo basi. Apa ndi pomwe woperekeza wodziwa ntchito amasiyana ndi wongofuna ndalama. Wodziwa amawakokera mumsewu wa Dorp, pa mzikiti wa Auwal, woyamba m'dziko lonse la South Africa, wa chaka cha 1794. Pakhomo amayamba wauza anthu kuti avule nsapato, amayi afunde kumutu, ndipo ikakhala nthawi ya swala adikire panja. Akatero amafotokoza za Tuan Guru, mwana wachifumu wa ku Tidore ku Indonesia, amene Adatchi anam'tsekera pachilumba cha Robben mu 1780, ndipo ali m'ndendemo analemba Korani kuchokera m'mutu. Manda ake ali ku Tana Baru, kumtunda pang'ono. Nkhani ngati imeneyi ukaifotokoza mothamanga imangomveka ngati nthano, choncho woperekeza waluso amatsitsa mawu, n'kuima kaye osayankhula.

Manda a mashehe otere kuno amawatcha kramat, ndipo azungulira mzindawu. Otchuka ndi a Sheikh Yusuf ku Macassar, amene anafika mu 1694 atathamangitsidwa kwawo, n'kumwalira mu 1699. Kumeneko n'kutali, pamafunika galimoto, ndiye woyendetsa naye amapezapo yake.

Kumunsi, m'kati mwa tauni, gulu limadutsa Groote Kerk ya Adatchi, kenako tchalitchi cha St George's, komwe Arkibishopu Desmond Tutu anatsogolera chionetsero chachikulu mu September 1989, ndipo phulusa la thupi lake linaikidwa momwemo mu January 2022. Pafupi pomwepo pali Slave Lodge ya 1679, momwe kampani ya Adatchi inkasungira akapolo. Ine ndimayesera woperekeza aliyense pamenepa. Ngati satchula São José, sitima yomwe inasweka pafupi ndi Clifton mu December 1794 itanyamula anthu pafupifupi 500 ochokera ku Mozambique, ndimadziwa kuti anangoloweza kabuku. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa ku Cape konkuno. Amenewo ndi anthu akwathu kumpoto, sitingawadumphe.

Ntchitoyi siingoyambika chifukwa munthu uli ndi pakamwa potakasuka. Lamulo la zokopa alendo la 2014 limafuna kuti uphunzire kosi yovomerezeka ndi bungwe la CATHSSETA, ukhale ndi satifiketi ya chithandizo choyamba, ulembetse kuboma la chigawo, ndipo uzivala baji. Pakatha zaka zitatu umakalembetsanso. Wonyamula alendo pagalimoto amafunikanso chilolezo chapadera chotchedwa PrDP. Amalawi ambiri amene tili kuno timathera m'mphepete mwa ntchitoyi: kuyendetsa Uber, kuphika ndi kuperekera zakudya m'malesitilanti, kuyala mabedi m'nyumba zogona alendo. Chimatitsekereza kwambiri ndi mapepala ogwirira ntchito, osati nzeru.

Ndalama yake njanyengo ngati ngumbi. Kuyambira December mpaka February alendo amasefukira, miyendo imatupa, mawu amasasa. Ikafika June ndi mvula yake yozizira, foni imatha sabata osalira. Ambiri salandira malipiro apamwezi, amadalira ulendo wa tsikulo ndi kangachepe kamene mlendo wokhutira amawafumbatitsa potsanzikana.

Inu amene mukukhala ku Dunoon kapena ku Masiphumelele ndipo simunapondepo mu Dorp Street, tsiku lopuma likapezeka kayendeni ndi woperekeza wovala baji, ndipo mukamufunse za São José.