Ndege zitaima mu 2020, geni idazizira mpaka ku Likhubula

Chilengezereni bungwe la UNESCO mu Julaye 2025 kuti Phiri la Mulanje lalowa m'kaundula wa malo ofunika kwambiri padziko lapansi, nkhani pa Chitakale ndi ku Likhubula ndi yoti alendo akunja achuluka. Ena ayamba kale kuwerengera zotenga ngongole kubanki mkhonde kuti awonjezere ziboliboli pabenchi, ena akuganiza zomanga tizipinda togona alendo kuseri kwa nyumba.

Sindikutsutsa. Alendowo akhoza kubweradi. Koma musanasaine ngongoleyo, tiyeni tikumbutsane zomwe zidachitika ndege zitasiya kutera m'dziko muno. Ambiri mwa inu simunakwerepo ndege, komabe mpamba wanu udavulala nawo.

Pa 20 Malichi 2020, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Peter Mutharika, adalengeza kuti Malawi ali pangozi kaamba ka mliri wa Covid-19. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi. Kuyambira pa 1 Epulo, boma lidaimitsa ndege zonyamula anthu zolowa ndi kutuluka m'dziko muno, kupatula zonyamula katundu, zipangizo zachipatala ndi Amalawi obwerera kwawo. Tsiku lotsatira ndi pomwe adalengeza za odwala oyamba. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lidatsegulidwanso pa 1 Sepitembala, patapita miyezi isanu yathunthu.

Sidali nkhani ya Malawi yekha. South Africa idadzitsekera kumapeto kwa Malichi. China idasiya kulandira alendo akunja pa 28 Malichi. Bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO lidati anthu okwera ndege padziko lonse adatsika kuchoka pa 4.5 biliyoni mu 2019 kufika pa 1.8 biliyoni mu 2020.

Ine pa nthawiyo ndidali ndikuchita maphunziro a utolankhani mumzinda wa Blantyre. Sukulu zitatsekedwa ndidakwera minibasi ya msewu wa Midima kubwerera kwathu, ndipo miyezi imeneyo ndidaithera pabenchi la azakhali anga, omwe amagulitsa machaja, makava ndi mahedifoni a mafoni. Zambiri zomwe ndikulembazi ndidaziona nditakhala pabenchipo.

Ovulala oyamba adali a m'tsinde mwa phiri. Mlendo wofuna kukwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, satulukira m'nkhungu. Amatera ku Chileka kapena ku Lilongwe, n'kukwera galimoto mpaka ku Likhubula. Akafika amafuna womuperekeza m'phiri ndi womunyamulira chikwama. Asananyamuke amagula buledi, mazira, tomato, nthochi ndi nanazi. Akatsika amagona pamalo ogona alendo, amadya, amakwera kabaza, ndipo tsiku lobwerera amagulako kachiboliboli. Ndalama ya mlendo mmodzi imadutsa m'manja ambiri, ndipo mnyamata wonyamula chikwama akalandira yake amakaisiya kwa mayi wa mandasi, kwa wometa tsitsi, ngakhale pabenchi ngati la azakhali.

Chomwe chidapweteka kwambiri n'chakuti ndegezo zidaima mvula ikumalizira. Nyengo yabwino yokwera phiri imayamba cha mu Meyi, njira zikauma, ndipo ndiyo nthawi yomwe anthu a ku Likhubula amapezera ndalama zowafikitsa ku dzinja. Chaka chimenecho njira za ku Chambe ndi ku Lichenya zidauma bwinobwino, koma oyendamo adali owerengeka. Wa ziboliboli adali pamavuto oposa wa nanazi. Nanazi ukatsitsa mtengo munthu wa pamudzi pomwepa agula. Chiboliboli cha njovu ungatsitse bwanji kuti wa kabaza achigule?

Mbali yachiwiri ndi yomwe ambiri sitidaiganizireko. Ndege yonyamula anthu siinyamula anthu okha. Pansi pa mipando pali chipinda chachikulu, ndipo malo otsala zikwama zikalowa kampani imawagulitsa kwa otumiza katundu. Mliri usanabwere, pafupifupi theka la katundu yense woyenda pandege padziko lapansi ankayenda m'zipinda zimenezi. Choncho boma litanena kuti ndege za katundu zipitirize kuuluka, sizidatanthauze kuti katundu aziyenda ngati kale. Malo adachepa kwambiri, ndipo malo ochepawo adayamba kulimbirana ndi mamasiki, magolovesi ndi zoyezera matenda. Wolipira zambiri ndiye ankakweza katundu wake, ndipo mtengo wotumizira kilogalamu imodzi udakwera.

Katundu wanji amayenda choncho? Wopepuka, wodula komanso wofunika msanga: mafoni, masikirini ndi tizipangizo tina ta okonza mafoni, mawigi, mankhwala, zovala zafashoni. Wogulitsa pa Chitakale amapikula ku Limbe. Wa ku Limbe amaoda ku Guangzhou, ku Dubai, ku Dar es Salaam kapena ku Joni, ndipo ena ankapita okha n'kubwera ndi katunduyo m'zikwama zawo. Onsewa atatsekeredwa, mashelefu a ku Limbe adayamba kuchepa katundu pang'onopang'ono, ndipo patapita masabata angapo vutolo lidafika kuno. Wokonza mafoni ankakhoza kukuuzani kuti vuto la foni yanu walipeza, koma chipangizocho kulibe, mudikire.

Azakhali adalakwitsa pamodzi, ndipo adandilola kuti ndilembe. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho adasonkha ndalama ndi amayi anzawo atatu n'kupereka kwa munthu wina yemwe ankapita kukaoda kunja. Adapereka ndalama zonse, popanda kalata, poti adali atatumapo kale kawiri ndipo katundu adafika. Munthuyo adagula tikiti, ulendo udalephereka, ndipo kampani ya ndege sidabweze ndalama ya tikitiyo koma idamupatsa chikalata choti adzakwerere mtsogolo. Makampani ambiri a ndege ndi mmene ankachitira chaka chimenecho, chifukwa nawonso m'thumba mudali mutauma. Ndalama za katundu zidali zitasinthidwa kale kukhala madola, ndipo zina zidali zitatumizidwa kwa ejenti wa kunjako. Palibe adaba. Koma mpamba wa amayi anayi udakhala miyezi yambiri osabereka kanthu, pomwe kubanki mkhonde chiwongoladzanja chinkawerengedwa mwezi ndi mwezi. Katundu atafika, makava ena adali a mafoni omwe anthu adali atasiya kuwafuna.

Pamenepa ndi pomwe ndidaphunzira kuti geni imafa ngakhale ndalama isanabedwe. Ndalama yomwe yatsekeredwa kutali, yosatheka kuiitanitsa, singakugulireni katoni ya sopo yoti mugulitse mawa.

Makampani a ndege nawonso adasiyana pothana ndi vutoli, ndipo kusiyanako kuli ndi phunziro kwa wamalonda. Ethiopian Airlines, yomwe ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines pomwe boma lathu lili ndi 51, idazula mipando m'ndege zake zina n'kuyamba kunyamula katundu, makamaka zipangizo zachipatala. Idaona kuti okwera kulibe koma katundu alipo, n'kusintha geni. South African Airways idalowa mu mliriwu ili kale m'ngongole zosaneneka, moti idali itaikidwa m'manja mwa oipulumutsa mu Disembala 2019, ndipo idadzayambiranso maulendo ake mu Sepitembala 2021. Ngongole idaimanga miyendo pa nthawi yofunika kuthamanga. Aliyense amene adakhalapo ndi ngongole ziwiri nthawi imodzi akudziwa chomwe ndikunena.

Nanga chidapitirira kuyenda n'chiyani? Chilichonse chosadalira ndege. Tiyi wa m'minda ya Mulanje amapita pa galimoto mpaka kudoko, kenako pa sitima ya pamadzi. Masamba ankathyoledwabe, ndipo tsiku lamalipiro m'maesiteti msika unkadzukako. Magalimoto a katundu ankaloledwa kudutsa m'zipata, kuphatikizapo Muloza ndi Mwanza, ngakhale kuyenda kwa anthu kudali kovuta Mozambique italengeza malamulo ake okhwima pa 1 Epulo. Ogulitsa chimanga, nandolo, usipa, mafuta ophikira ndi makala ku Limbuli, ku Nkando ndi pa Boma adadandaula za kuchepa kwa ndalama m'matumba mwa anthu, koma sadasowe wogula. Kudathandizanso kuti lamulo loti anthu akhale m'nyumba masiku 21, lomwe likadayamba pa 18 Epulo, bwalo lalikulu la milandu lidaliimitsa kutatsala tsiku limodzi, mavenda atachita zionetsero m'mizinda. Misika sidatsekedwe.

Osati kuti njira ya pamadzi idali yopanda vuto. Mu 2021 mtengo wotumizira makontena udakwera kangapo padziko lonse, ndipo katundu ankachedwa m'madoko. Koma ankachedwa, sankaimiratu.

Wina anganene kuti zimenezo zidachitika kamodzi, sizidzachitikanso. Kumbukirani Novembala 2021. Zinthu zidali zitayamba kubwerera m'malo, katemera woyamba wokwana 360,000 adali atafika pa bwalo la Kamuzu pa 5 Malichi chaka chomwecho, ndipo malo ogona alendo adali atayamba kulandira mauthenga osungitsa zipinda za nyengo ya Khirisimasi. Akatswiri a ku South Africa ndi Botswana atapeza mtundu wa kachilomboka wotchedwa Omicron, sipadathe sabata Britain idaika Malawi pamndandanda wa maiko oletsedwa, pa 28 Novembala, ndipo America idatsatira tsiku lotsatira. A Lazarus Chakwera, omwe adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adadzudzula poyera kuti kumeneko kudali kusala Africa, osati sayansi. Britain idachotsa chiletsocho pa 15 Disembala ndipo America pa 31 Disembala, koma mlendo yemwe wasintha ulendo wake sausinthanso kachiwiri. Chiganizo chomangidwa ku London Loweruka chidafika pabenchi la ku Likhubula Lolemba.

Ndiye mlungu uno, mukamapita kukapikula, mufunseni wokugulitsaniyo kuti katundu wake amabwera bwanji: pandege, pamadzi kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kapena pamsewu kuchokera ku Joni. Ambiri sitifunsa, timangofunsa mtengo. Mukadziwa njira, mudziwa nkhani ya pa wailesi yoyenera kukudzidzimutsani. Ngati katundu yense pabenchi panu amabwera pandege, onjezerani mtundu umodzi kapena iwiri ya katundu wopezeka konkuno kapena wobwera pamsewu, woti anthu amagula tsiku ndi tsiku. Phindu lake ndi lochepa, ndikudziwa. Koma azakhali chidawapulumutsa chaka chija ndi mayunitsi ndi sopo, osati mahedifoni.

Kwa inu amene mwayamba kuoda nokha pa WhatsApp kudzera mwa maejenti, chizolowezi chomwe chidakula kwambiri China itatseka zitseko mpaka kumayambiriro kwa 2023, dziwani kawerengedwe kake. Pandege amalipiritsa pa kilogalamu, ndipo katoni ikakhala yaikulu koma yopepuka amawerengera kukula kwake m'malo mwa kulemera. Pamadzi amalipiritsa malo omwe katunduyo watenga m'kontena, omwe maejenti amati CBM. Tiyerekeze muli ndi makatoni awiri a makilogalamu 20 iliyonse, ina muli makava a mafoni 400, ina muli mapeya 25 a nsapato. Mtengo wa pandege ukakwera ndi madola 5 pa kilogalamu, katoni iliyonse yadula ndi madola 100. Pa kava imodzi ndi masenti 25 a dola, zoti mukhoza kuwonjezera pamtengo kasitomala osathawa. Pa peya ya nsapato ndi madola 4, ndipo pamenepo phindu lonse lapita. Katundu wolemera musamuzoloweze ndege. Komanso mabatire a mafoni ndi ma power bank ali ndi malamulo akeake: kuyambira mu 2016 saloledwa kutumizidwa paokha ngati katundu m'ndege zonyamula anthu, choncho ejenti akakuuzani kuti amenewa achedwa kapena adula, nthawi zambiri sakunama.

Pa nkhani yopereka ndalama, maganizo anga ndi oti musapereke zonse nthawi imodzi kwa munthu mmodzi, ngakhale akhale wa kumpingo kwanu. Lembani pepala losonyeza ndalama, katundu, tsiku lofikira, komanso chomwe chidzachitike ulendo ukalephereka: kodi ndalama idzabwezedwa mu makwacha kapena mu madola, ndipo pa mtengo wa tsiku liti? Funso lomalizali si laling'ono m'dziko lomwe kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati mukugula tikiti nokha, funsani musanalipire ngati ndi yobwezeka kapena yosinthika tsiku. Yotchipa kwambiri nthawi zambiri imakhala yosabwezeka.

Tibwerere ku Likhubula. Miyezi yomwe alendo akunja kudalibe, omwe ankaonekako adali Amalawi anzathu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, obwera Loweruka kudzasamba pa Dziwe la Nkhalamba. Iwowa sagula njovu yosema ya mtengo wa mbuzi, ndipo amanenerera ngati ife tomwe. Koma amagula chimanga chootcha, tchipisi, zakumwa zozizira, ndipo pobwerera amadzaza galimoto ndi nanazi ndi mapeyala. Safuna chiphaso choyezetsa matenda kapena tikiti ya ndege kuti afike, amangofuna mafuta m'galimoto.

Ngati ngongole ya kubanki mkhonde ija mwaganiza zoitengabe, werengerani kabwezedwe kake pa ndalama zomwe amasiya alendo a Loweruka amenewa. Mukaona kuti singabwezeke popanda mzungu wotera ku Chileka, chepetsani ndalama yomwe mukufuna kukongolayo.