Ntchito ya magetsi njabwino, bola kuiphunzira mokwanira

Sabata yatha pamaliro ku Lirangwe mayi wina adandikokera pambali. "Anesi," adatero, "mwana wanga wakhoza MSCE koma ku yunivesite sadamutenge. Pano akuti akufuna ntchito ya magetsi, ndipo wayamba kale kutsatira mmisiri wina pa Lunzu. Ine tulo sindikuona. Si imfa imeneyi?"

Mantha a mayiwa ndikuwamvetsa. Pa zaka zomwe ndidagwira ntchito m'chipatala ndidatsuka mabala a anyamata ogwidwa ndi magetsi. Bala lake ndi lonyenga: pachikhatho pamangooneka kachilonda, koma mkati mnofu wapsa, mtima nawo wasokonekera kagundidwe. Komatu ambiri mwa amene ndidawasamalira sadali amisiri opita kusukulu ayi. Adali ongoonera anzawo akulumikiza mawaya, mawa lake n'kudzitcha akatswiri.

Choncho ndidawauza mayiwo kuti mwana asamuletse, koma amulowetse pakhomo loyenera. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limalemba achinyamata okaphunzira ntchito zamanja m'makoleji monga Soche Technical ku Limbe, ndipo kuyambira mu 2015 kudabweranso makoleji a m'madera. Wophunzira amakhala m'kalasi, kenaka amakayesera ntchito pakampani asadalandire satifiketi. Atsikananso malo alipo, makolo musawatsekereze.

Akamaliza akatenge chilolezo ku MERA. Paja ESCOM imafuna kuti nyumba ikhale yoikidwa mawaya ndi mmisiri wovomerezeka isadalumikize magetsi. Wopanda pepala amathera kubwereka dzina la mnzake, ndalama n'kumagawana, nyumba ikapsa mlandu wake.

Nanga ntchito adzaipeza? Tayang'anani nyumba zomwe zikumangidwa ku Chileka ndi Lunzu. Magetsi adayamba kupangidwa pa Nkula mu 1966, pafupi nafe pompa, koma midzi yambiri kuno ikadali mumdima, ndipo pomwe MAREP yafikitsa mapolo pamafunika woika mawaya m'nyumba, m'zigayo ndi m'magolosale. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu 2022, kuzimazima kwa magetsi kudachititsa mabanja ambiri kugula sola. Wodziwa za ESCOM ndi za sola zomwe sangagone ndi njala.

Tsono kwa iwe mwanawe, tamvera. Usadagwire waya, zimitsa meni switchi ndipo uyeze ndi tesita, ngakhale mwini nyumba alumbire kuti magetsi azima. Amabwera osagogoda. Usagwire ntchito ndi manja onyowa, usavale patapata, ndipo mowa ndi makwerero sizigwirizana. Waya wa efi usamudumphe pofuna kutchipitsa. Wina akakunyengerera kuti umulumikizire mwakuba, kana. Ndalama ya tsiku limodzi ingakutayitse chilolezo, mwinanso moyo wa mwana wa eni.

Enanu dziwani izi: munthu akagwidwa ndi magetsi m'nyumba musamukoke ndi manja. Zimitsani kaye, zikakanika mukankheni ndi mtengo wouma. Akakhala mawaya akuluakulu a pamapolo musayandikire n'komwe, itanani a ESCOM. Wovulalayo apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, chifukwa mtima umatha kudzavuta pambuyo.

Mayi a ku Lirangwe, pitani naye mwanayo akafunse za malo kukoleji. Paja safunsa adadya phula.