Waya wa Pazenera Ukabooka

Ine ndine kalaliki wa pa mgodi. Dzinja lathali mwana wanga anagona masiku 5 ndi malungo, cifukwa ndinalekerera kaboo pa waya wa pazenera, ndipo udzudzu unapeza njira. Tsono abale, imvani m'mene ndinakonzera.

Ndinazula cingwe cakale ca mphira m'kangalande ka feremu ndi msomali, ndi kucotsamo fumbi. Waya watsopano ndinadula wopitirira mainchesi 2 mbali zonse. Mphira watsopano, wonenepa monga wakale, ndinayamba kumkanikiza pangondya, mbali imodzi imodzi, osakoka waya kolimba, pakuti feremu ingapindike. Waya wotsala ndinadula ndi lumo.

Nchito ya ola limodzi cabe! Musadikire bvuto monga ndinacitira ine.